Tayang'anani Zikhadabo Zanu

Inu amene mukukonzekera kukakwera minibasi ku Chelstone, ndi inu a ku Kabwata amene madzi a tiyi akadali pamoto, musanavale nsapato, tayang'anani kaye zikhadabo zanu.

Chikhadabo chimamera kuchokera kutsinde, pansi pa khungu. Cha kudzanja chimakula mamilimita pafupifupi 3 pamwezi. Cha kuphazi n'chochedwa: chikazuka, chimatha chaka kapena kuposerapo chisanabwerere. Chikhadabo chikayera n'kulowa pakati ngati supuni, kawirikawiri ndiye kuti magazi achepa m'thupi.

Masaluni a ku Woodlands ndi m'tauni amakongoletsa bwino, ine sinditsutsa. Koma funsani ngati zida amaziyeretsa, ndipo zikhadabo zomata zisakhalitse, chifukwa chinyezi chikatsekeredwa pansi pake, fangasi amaswana.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi agogo athu odwala shuga. Mapazi awo amachita dzanzi, lezala likawacheka powenga zikhadabo samva, mpaka kabala kakang'ono kamakawagoneka kuchipatala cha UTH. Muziwawenga ndinu, kunja kukuwala, iwo atangosamba, zikhadabo zikadali zofewa. Wengani mowongoka, osakumba m'mbali. Mukaona chala chatupa kapena chada, apite kuchipatala tsiku lomwelo.