Funso labwino silibadwira pa desiki

Mwana wa mlongo wanga, amene akumaliza maphunziro ake ku yunivesite, anandipeza pakhonde tsiku lina madzulo atanyamula mapepala. Akufuna kuchita kafukufuku wa njala m'midzi ya kwathu, ndipo mafunso onse anawalemba yekha usiku umodzi. Funso loyamba linali lakuti, "Kodi dzulo munadya?" Ndinamufunsa kuti, "Iwe, agogo ako utawafunsa zimenezi tsiku limene adya mbatata m'mawa ndi maungu madzulo, angakuyankhe chiyani?" Anayamba wakhala chete, kenako anati, "Amalume, anganene kuti agona ndi njala." Ananena zoona. Kwa agogo akewo, tsiku lopanda nsima ndi tsiku losadya. Mnyamatayo akadapita kumudzi ndi funso limenelo, akadabwerako ndi manambala ooneka bwino koma onena zina.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti sankadziwa kuti ena analimbana kale ndi funso lomweli. Bungwe la FAO lili ndi mafunso asanu ndi atatu oyezera kusowa kwa chakudya, ndipo amakwera ngati makwerero: amayambira pa kuda nkhawa kuti chakudya chitha, n'kudutsa pa kudumpha chakudya china, mpaka kukafika pa kukhala tsiku lathunthu osalawa kanthu. Mafunsowo anayesedwa m'maiko ambiri, ndipo aliyense angawapeze kwaulere pa intaneti. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wofufuza amene akuthamangira kukafunsa anthu akumudzi ayenera kuyamba wafunsa amene anayenda njirayo iye asanabadwe.

Nkhokwe za mafunso otere zilipo, ndipo zina zili pakhomo pathu pomwe. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba yakhala ikuchita kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu, wotchedwa DHS, kuyambira mu 1992, ndipo anabwerezedwa mu 2000, 2004, 2010 ndi 2015-16. Ambiri amawerenga manambala a m'malipoti ake n'kutseka buku, osadziwa kuti kumapeto kwenikweni kuli mafunso onse monga anafunsidwira. Palinso kafukufuku wa moyo wa pakhomo wotchedwa IHS, amene woyamba anachitika mu 1997-98 ndipo wachisanu mu 2019-20. Mafunso ake, pamodzi ndi mabuku a malangizo a ofunsa, amasungidwa m'nkhokwe ya pa intaneti ya World Bank. UNICEF ili ndi kafukufuku wotchedwa MICS, wokhudza amayi ndi ana. Wofuna kudziwa maganizo a anthu pa ulamuliro ayang'ane Afrobarometer, imene inayamba mu 1999 ndipo Malawi anali m'gulu la maiko oyambirira. Wofufuza za ulumali adzapeza mafunso asanu ndi limodzi a Washington Group, amene safunsa munthu ngati ndi wolumala, koma ngati amavutika kuona, kumva, kuyenda, kukumbukira, kudzisamalira kapena kulankhulana ndi ena.

Ena amati kutenga mafunso a eni ndi ulesi, mwinanso kuba. Ine ndikukana. Kuba ndiko kutenga n'kubisa kumene watenga. Wotchula gwero lake, n'kupempha chilolezo pamene eni ake amafuna chilolezo, wachita zimene mlimi aliyense wanzeru amachita popempha mbewu kwa mnansi amene munda wake unabereka. Ndiponso pali phindu limene funso lopeka wekha silingakupatse. Ukafunsa za chakudya cha masiku asanu ndi awiri apitawa monga IHS imafunsira, ukhoza kuika mudzi wako pambali pa boma lonse, ngakhale dziko lonse, n'kuona ngati anthu ako ali pabwino kapena pamavuto. Ukafunsa mwa njira yako yokha, yankho lako limakhala lopanda mnzake woliyerekeza naye.

Mafunso akalewa amaphunzitsanso luso. Taonani momwe IHS imayezera chakudya ndi zokolola. Siikakamiza mayi wa kumudzi kunena makilogalamu amene sanawayezepo. Imalola kuti ayankhe m'ndowa, m'mbale, m'milu, m'matumba ngakhale m'ngolo, ndipo akatswiri amasandutsa okha zimenezo kukhala makilogalamu. Imafunsanso za ganyu payekha, osamusakaniza ndi ntchito yolembedwa, chifukwa munthu amene wakhala sabata yonse akupalira m'munda wa wina angakuuzeni mosanama kuti sali pa ntchito. Nzeru zotere sizibwera usiku umodzi. Zinabwera chifukwa ofunsa ambiri anabwerera kuofesi ndi mayankho osokonekera, ndipo ena anakhala pansi n'kukonza.

Komabe pali chenjezo limene sindingalisiye, pakuti nsalu yobwereka sithetsa usiwa. Funso limene linagwira ntchito ku London kapena ku Lima likhoza kufika ku Ntchisi n'kutsimphina. Chitsanzo chabwino ndi cha kuyeza kakulidwe ka ana. Zida zoyezera zochokera ku Ulaya ndi ku America zinkafunsa za masewera ndi zinthu za m'nyumba zimene mwana wa kumudzi sanazionepo, moti mwana wochangamuka akanatha kuoneka ngati wotsalira. Melissa Gladstone ndi anzake, pogwira ntchito ndi ana a kuno, anakonza chida chotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, chimene chinafalitsidwa mu 2010. Sanataye zonse zakunja. Anasunga zoyenera, anachotsa zosayenera, ndipo anaonjezera zimene makolo a kuno amaona ngati zizindikiro zakuti mwana akukula bwino. Kubwereka kwanzeru n'kumeneko.

Pamene pamagona nkhani yeniyeni ndi pa chilankhulo. Mafunso ambiri amalembedwa m'Chingerezi, koma amafunsidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, ndipo ngozi imabisala pakati pa ziwirizo. Mawu akuti malungo kwa ambiri amatanthauza kutentha thupi kulikonse, pamene kwa dokotala ndi matenda ofalitsidwa ndi udzudzu. Mukafunsa bambo kuti ali ndi ana angati, akhoza kuwerengera ndi ana a malemu mchimwene wake, ndipo sanalakwe, pakuti kwathu amenewo ndi ana ake. Banja ndi chiyani: ogona nyumba imodzi, odyera mphika umodzi, kapena mbumba yonse? Nanga matenda a maganizo, munthu adzawadziwa mukati kukhumudwa, nkhawa, kapena kuganiza kwambiri? Wofunsa aliyense akamamasulira yekha pamaso pa woyankha, ndiye kuti ofunsa khumi afunsa mafunso khumi osiyana, ngakhale pepala lili limodzi.

N'chifukwa chake funso lobwereka liyenera kumasuliridwa ndi munthu mmodzi, wina amene sanaone loyambirira alibwezere m'Chingerezi, ndipo pamene awiriwo asiyana pakambidwe. Zikatha apo, funsolo lituluke panja. Khalani pamphasa ndi anthu ochepa ofanana ndi amene mudzawafunse, ndipo akayankha muwapemphe kuti, "Tandiuzeni, mwamva kuti ndikufunsa chiyani?" Pamenepo mudzazindikiranso mafunso amene munthu amayankha inde pongofuna kulemekeza mlendo, ndi amene mayi sangayankhe apongozi ake ali pafupi.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ntchito yomasulirayi imachitika kawirikawiri koma siisungidwa poyera. Mafunso a DHS anamasuliridwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, koma amene wophunzira amawapeza kumapeto kwa lipoti ndi a Chingerezi. Ofufuza ambiri amathera masabata akusakasaka liwu loyenera, akalipeza n'kulisiya m'kompyuta yawo, ndipo wobwera pambuyo amayambiranso pachiyambi. Mayunivesite athu ndi malaibulale awo akadakhala ndi malo amodzi osungira mafunso omasuliridwa ndi oyesedwa m'zilankhulo zathu, pamodzi ndi mawu ofotokoza chimene chinavuta ndi momwe chinakonzedwera, bwenzi wophunzira aliyense akuyambira pamene mnzake analekezera.

Mwana wa mlongo wanga uja anatenga mafunso a FAO, anawamasulira ndi mnzake, ndipo Loweruka lotsatira anakawayesa pa agogo ake ndi amayi ena atatu a m'mudzimo. Atabwerako, pepala lake linali lodzala ndi zofufuta. Pa funso la kukhala tsiku lonse osadya anaonjezera mawu akuti "ngakhale phala, mbatata kapena chinangwa", ndipo anandiuza kuti agogo ake ndiwo anamupatsa mawuwo. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha: akadzamaliza, mafunso a Chichewawo adzawaike kumapeto kwa buku lake, kuti wina wobwera pambuyo pake adzawapeze.