MAINA OSIYIDWA PA MZERE WA MAKOLO

Werengani Genesis 25:1-18 ndi Mateyu 1:1-17.

Abale okondedwa a m'midzi, ana anu akukhala kuno ku Cilinde, ku Kawale ndi ku Biwi ayamba kufunsa za makolo ao. Ambiri a iwo anabadwira mu mzinda muno, pakuti anthu a mitundu yonse anasonkhana pano kudzafuna nchito, makamaka kuyambira caka ca 1975, pamene likulu la dziko linacoka ku Zomba ndi kudza ku Lilongwe. Wina adziwa ciongo cace cokha, kuti ndiye Phiri kapena Mbewe. Koma ukamfunsa kuti, Agogo ako anakwatira kangati, nabala ana angati? angokhala cete. Tsono adzafika kwa inu ali ndi pepala ndi colembera m'manja. Mau anga kwa inu ndi awa: akafika, muwauze maina onse, osabisa ngakhale limodzi, pakuti Mulungu, polembetsa mibadwo ya anthu ace, sanasiya dzina la munthu cifukwa ca manyazi.

Coyamba, taonani umo Buku Lopatulika liwerengera banja la Abrahamu. Silichula Sara yekha ai. Lichula Hagara, mdzakazi wa ku Aigupto, amene anambalira Ismayeli ali wa zaka 86. Lichula Sara, amene anambalira Isake ali wa zaka 100. Lichulanso Ketura, amene anambalira ana amuna 6. Hagara anacotsedwa pamudzi ndi mwana wace, atasenza mkate ndi madzi pang'ono. Koma m'bukumo sanacotsedwa. Ana 12 a Ismayeli alembedwa ndi maina ao, mmodzi mmodzi. Ndipo pakufa Abrahamu, ali wa zaka 175, anamuika m'phanga la Makipela ndani? Isake ndi Ismayeli pamodzi, mwana wa mkazi wamkuru ndi mwana wa mkazi wocotsedwa. Mwa ana a Ketura munali Midyani; ndipo patapita mibadwo, Mose pothawa Farao anapeza pogona ndi mkazi kwa wansembe wa ku Midyani. Nthambi imene inaoneka ngati yapadera ndiyo inasunga mtsogoleri wa Israyeli.

Momwemonso Yakobo: ana ace amuna 12 awerengedwa monga mwa amai ao, 6 a Leya, 2 a Rakele, 2 a Biliha, 2 a Zilipa. Ndipo Mateyu, pofotokoza makolo a Ambuye wathu, akadakhoza kuchula amuna okha okha. Koma anaikamo Tamare amene anatenga mimba kwa apongozi ace, Rahabi wa ku Yeriko, Rute Mmoabu, ndi mkazi uja Davide anamlanda kwa Uriya. Ngati Mwana wa Mulungu sanacita manyazi ndi makolo otere, ife ndife yani kuti tisese mzere wathu, kuti uoneke woyera koposa wace?

Caciwiri, tidziwe cimene mabuku athu anasunga ndi cimene anasiya. Masiku a Atsamunda, Boma silinakakamiza kulembetsa kubadwa kwa ana a eni dziko. Lamulo lakuti mwana ali yense alembedwe linayamba kugwira nchito m'caka ca 2015, ndi kalembera wa ziphaso za unzika anacitika m'caka ca 2017. Cifukwa cace munthu wofuna kholo lace lobadwa kale atsamira pa mabuku a Mpingo. Misyoni inayamba ku Mvera m'caka ca 1889, ku Kongwe m'caka ca 1894, ku Nkhoma m'caka ca 1896. Ndipo kumene Mau anafika kunafikanso buku la a m'klasi, buku la ubatizo ndi buku la maukwati. Anzathu Aroma a ku Likuni nao ali ndi mabuku ao. Tiyamike Mulungu cifukwa ca abusa ndi aphunzitsi amene analemba mosamala. Koma buku la Mpingo lichula okhawo amene analowa pakhomo la Mpingo. Ndipo pali anthu a magulu atatu amene sapezeka bwino m'menemo.

Oyamba ndiwo akazi a mitala. Lamulo la Misyoni linali lakuti mwamuna wa mitala sabatizidwa kufikira atatsala ndi mkazi mmodzi, ndipo kawiri kawiri anatsala ndi woyamba. Lamulolo sinditsutsana nalo, pakuti ukwati wa Cikristu ndiwo wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi. Koma lingalirani za mkazi wamng'ono uja. Iye sanaba mwamuna. Ankhoswe anakhala pansi, ukwati unamangidwa monga mwa mwambo wa masiku ajawo. Pamene mwamuna anabatizidwa, dzina lace linalembedwa pamodzi ndi la mkazi wamkuru, koma winayo anatsala kwao ndi ana ace, wopanda mzere m'buku. Lero zidzukulu za mkazi wamkuru ziwerenga bukulo ndi kuti, Agogo athu anali ndi mkazi mmodzi ndi ana asanu. Buku silinanama, koma silinanena zonse.

Aciwiri ndiwo ana a kunja. Makolo athu ambiri ananka ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ndi ku migodi ya ku Wankie ndi ku Joni. Ena anatengedwa ndi Wenela, ena ndi Mthandizi, ena anayenda okha, ndiwo a selefu. Ena anabwera zitapita zaka ziwiri. Ena anakhala machona, nakwatira komweko, nabala ana. Ana amenewo ali ndi ciongo canu, ngakhale sadziwa njira ya kumudzi.

Acitatu ndiwo osinthika maina. Munthu mmodzi anali ndi dzina la ubwana, dzina la kucinamwali, dzina la ubatizo, ndi lina limene anadzipatsa kunchito. Mkazi anachedwa ndi ciongo cokha, Nabanda kapena Naphiri, ndipo mudzi umodzi unali ndi a Nabanda ambiri. Wofunafuna wosacenjera adzayesa munthu mmodzi anthu awiri, kapena akazi awiri mkazi mmodzi.

Kapena wina adzati, Zakale zapita, tifukuliranji zimene zinakwiriridwa? Ndiyankha kuti zinthu zobisika zituruka zokha, ndipo zituruka pa tsiku loipa. Zituruka pamaliro, pamene anthu acilendo afika nalira kuti, Atate athu, ndipo eni mudzi awayesa akuba. Zituruka pogawa cuma ca masiye. Pakuti lamulo la dziko la m'caka ca 2011 liwerenga mwana ali yense wa womwalirayo, losasankha umo anabadwira. Zituruka paukwati. Kumudzi ankhoswe adziwa mabere onse, koma kuno ku Cilinde mnyamata ndi namwali akomana pamsika kapena pakwaya, osadziwa kuti atate ao anali ana a bambo mmodzi, osiyana amai okha. Ngati gogo anabisa, ucimo wa anawo uli pa yani? Akuru anati, Cibale ndi pfupa, siciola. Ungalikwirire, khasu la mdzukulu wako lidzalipeza.

Cacitatu, funani motere. Yambani ndi amoyo musananke ku mabuku, pakuti nkhalamba siidikira monga lidikira pepala. Ife Acewa tiwerenga mbumba potsata amai, pamene ciongo ticitenga kwa atate. Cifukwa cace funsani mbali zonse ziwiri, atsibweni ndi mwini mbumba kucikazi, azakhali kucimuna. Lembani maina onse a kholo lanu pa mzere umodzi. Pansi pace lembani mkazi ali yense, ciongo cace, mudzi wace, nyakwawa yace, ngati unali ukwati wa cikamwini kapena wa citengwa, ndi ankhoswe ace. Pansi pa mkazi ali yense lembani ana ace monga mwa kubadwa kwao, ndi akufa ali akhanda omwe. Nkhalamba ikapanda kudziwa caka, funsani cimene cinacitika m'dziko: kodi njala ya 1949 inampeza ali pamsana, kapena alikuyenda? Pamenepo pitani kwa mbusa wa Mpingo umene kholo lanu linabatizidwako, nimupemphe mwaulemu kuti akuonereni m'buku. Pitaninso kumanda, muwerenge zolembedwa pa ziliza. Pamene buku ndi nkhalamba zisiyana, lembani zonse ziwiri, musapeke kanthu kodzaza nako mpata. Ndipo inu amai a Cigwirizano, zambiri za izi muzidziwa ndinu. Musanke nazo kumanda.

Cacinai, cenjerani ndi mtima umene mufunira. Paulo anacenjeza Timoteo ndi Tito za anthu ongokangana pa mibadwo ya makolo, osapindula kanthu. Wina afunafuna kuti adzitame kuti ali wa banja la ufumu. Wina kuti alande munda. Wina kuti anyoze mnzace kuti agogo ace anali akapolo. Kufuna kotere kucokera kwa woipayo. Mkristu afuna mbale wace kuti ampatse moni, ndi kumuitana pamaliro ndi paukwati, ndi kupepesa ngati nyumba yace inalakwiridwa. Ndipo musaweruze akufa. Iwo anayenda ndi kuunika kumene anali nako, Woweruza wao alipo.

Potsiriza, kumbukirani ansembe aja a m'buku la Ezara, caputala 2. Pobwera ku ukapolo wa ku Babulo anafuna maina ao m'mabuku a mibadwo, osawapeza, nacotsedwa pa unsembe. Pali ena mwa inu amene adzafuna momwemo, osapeza kanthu, popeza ciswe cinadya buku, kapena atate anawakana. Musataye mtima. Ambuye Yesu anauza ophunzira ace kuti cimwemwe cao cikhale pa maina ao olembedwa Kumwamba. Ndipo m'buku limenelo mwana wa mkazi wamng'ono ndi mwana wa mchona alowa pa khomo lomwelo ndi mwana wa mbusa, ndilo kukhulupirira Kristu. Ubatizo wa agogo anu sudzakulembetsani m'menemo, ndi mitala ya agogo anu siidzakufafanizani.

Tsono mwezi uno usanathe, khalani pansi ndi nkhalamba ya pamudzi panu, nimulembe. Mukapeza nyumba imene inasiyidwa, tumizani mau, kapena pitani nokha ndi nkhuku m'manja. Mulungu wa Isake, amene anamvanso kulira kwa Ismayeli m'cipululu, atipatse mtima woona ndi wacifundo. Amen.