Kwa Anyamata a ku Chunga Okonda Magalimoto a Zitseko Ziwiri

Ana anga, mkangano wanu ndimaumva. Mukasonkhana madzulo, mafoni ali m'manja, nkhani imakhala yomweyo: pakati pa Supra ndi GT-R yoopsa ndi iti, kodi BMW ingaisiye Mustang, kodi ndi iti imene imafika pa 100 msanga. Sindikukudzudzulani ayi. Ine ndakalambira pansi pa galimoto, sipanala ili m'manja, ndipo mpaka lero injini yabwino ikalira patali ndimaimika ntchito kuti ndimvetsere. Ife tinakula ndi Fiat zimene ankamanga ku Livingstone, ndipo Peugeot 504 tinkaiona ngati galimoto ya mafumu. Chikondi chimene muli nachochi ndikuchidziwa. Chondidetsa nkhawa ndi muyeso wanu: mumayerekeza magalimoto ndi nambala imodzi yokha, ya horsepower. Khalani pansi, tiwayerekeze monga amachitira munthu amene adzalipira ndalama yake, kuiyendetsa pa msewu wathu, n'kubwerera kunyumba ali wamoyo.

Ziwiri zimene mumazitama kwambiri zija, n'zoyeneradi ulemu. Toyota Supra ya 1993 mpaka 2002 ili ndi injini yotchedwa 2JZ, ya malita 3.0, masilinda 6 ondandalika mzere umodzi, ma turbo awiri, ndi buloko yachitsulo cholimba imene imapirira ngakhale amakanika ataiwonjezera mphamvu kwambiri. Nissan Skyline GT-R ya R34, ya 1999 mpaka 2002, injini yake ndi ya malita 2.6, ndipo imakoka ndi mawilo onse anayi, n'chifukwa chake imagwira msewu pokhota kuposa Supra. Pa pepala zonse zinalembedwa horsepower 280, poti makampani a ku Japan anagwirizana zaka zimenezo kuti asalengeze mphamvu yoposa pamenepo. Koma magalimoto amenewa anatipitirira kale. Dziko la America limalola kulowetsa galimoto yakunja ikakwanitsa zaka 25, ndiye olemera a kumeneko akuwalimbirana, mitengo yakwera kufika pa ya nyumba. Supra yatsopano ya 2019 inamangidwa ku Graz, ku Austria, ndipo injini yake ndi ya BMW. GT-R ya R35, imene inatuluka mu 2007, ndi makina odabwitsa, koma giyabokosi yake ikavuta simungaikonzere pansi pa mtengo. Zimenezi zikondeni pa chithunzi, palibe cholakwa.

Tikambe za amene amafikadi kuno, otsika pa sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde. Amene mnyamata wogwira ntchito molimbika angawalote osanama ndi anayi: Mazda RX-8, BMW 335i, Nissan 350Z ndi Toyota 86.

Pa RX-8 ndichedwapo, chifukwa ndi imene imakola anyamata ambiri. Ndi yokongola, ili ndi tizitseko tiwiri tating'ono kumbuyo totsegukira cham'mbuyo, ndipo mtengo wake pa intaneti umaoneka wotsika modabwitsa. Dzifunseni chifukwa chake. Injini yake ilibe mapisitoni. M'kati muli zitsulo ziwiri za ngodya zitatu zimene zimazungulira, ndipo pa nsonga ya ngodya iliyonse pali kachitsulo kotseka mpweya kotchedwa apex seal. Injiniyi ndi ya malita 1.3 okha, koma mtundu wake wamphamvu umazungulira mpaka 9,000 pa mphindi, ndipo kulira kwake kumasangalatsa mtima. Vuto ndi ili: inapangidwa kuti izidya oyilo mwadala, pofuna kufewetsa tizitsulo tija. Mwini wake akaiwala kuyang'ana oyilo, kapena akamaiyendetsa timaulendo tifupitifupi osaitenthetsa bwino, tizitsuloto timatha ndipo mphamvu imathawa. Mukailiza m'mawa n'kuizimitsa isanatenthe, imatha kudzaza petulo n'kukana kuliranso. Petulo imamwa ngati ya injini yaikulu. Mazda inasiya kuipanga mu 2012. Amakanika odziwa kutsegula injini yotere ndi ochepa kwambiri mu Lusaka muno, ndipo sipeya zake muziitanitsa kunja n'kudikira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Galimoto imeneyi isiyeni, pokhapokha ngati mwaphunzira kale injini yake ndi manja anu.

BMW 335i ya zitseko ziwiri, imene inayamba mu 2006, ndi yokoma kuyendetsa kuposa zinzake zonsezi, ndipo zimenezi sindibisa. Masilinda 6, malita 3.0, ma turbo awiri, horsepower yopitirira pang'ono 300. Ili ndi mipando inayi, m'kati ndi mwaulemu. Ndikudziwanso chifukwa chake dzina la BMW limakukokani: mumaona anyamata a ku Soweto akuzungulitsa 325iS, ija amaitcha Gusheshe, utsi uli tolotolo. Koma Gusheshe inali galimoto yosavuta, ya waya wochepa. Iyi ndi ina. Pampu yake ya madzi ndi yamagetsi ndipo imafa mwadzidzidzi, osachenjeza. Pampu ya petulo ya injini zoyambirira inavutitsa anthu ambiri. Mapaipi ndi zotsekera zambiri ndi zapulasitiki, zimene zimauma ndi kutentha n'kuyamba kudontha. Popanda kompyuta yoyezera, makanika amangolota matenda ake. Amene ali ndi malipiro okhazikika ndi galaja yodalirika angaisunge. Wongoyamba kumene ntchito, imudyera ndalama ya lendi.

Nissan 350Z, imene ku Japan amaitcha Fairlady Z, inatuluka mu 2002. Iyi ndimaipatsa ulemu chifukwa cha mbiri ya banja lake pa nthaka ya Africa: agogo ake, Datsun 240Z, anapambana mpikisano wa East African Safari mu 1971 ndi mu 1973, m'matope ndi m'fumbi. Injini yake ndi V6 ya malita 3.5, yopanda turbo, yosavuta kuimvetsa, ndipo ya mtundu womwewo ili mu Murano, mu Fuga ndi mu Elgrand, ndiye sipeya zambiri mungazipeze m'tauni. Imakoka mwamphamvu ngakhale musanaiponde kwambiri. Zovuta zake ndi zoonekeratu. Ndi yolemera, pafupifupi tani imodzi ndi theka. Petulo imamwa. Matayala akumbuyo ndi otambalala kuposa akutsogolo, simungawasinthanitse, ndipo akumbuyowo amatha msanga. Komanso mipando ndi iwiri basi.

Tsono ya ine ndi Toyota 86, imene mapasa ake ndi Subaru BRZ. Makampani awiriwa anaipangira limodzi n'kuitulutsa mu 2012, ndipo dzina anatengera ku Corolla AE86 ya zaka za m'ma 1980. Mukayang'ana nambala yokha mungainyoze: malita 2.0, yopanda turbo, horsepower 200. Pa msewu wowongoka 350Z ndi 335i ziisiya kutali. Koma imalemera pafupifupi makilogalamu 1,250 okha, ndipo injini yake ndi yogona, masilinda awiri uku awiri uku, motero kulemera kwake kuli pansi. Opanga anaiveka dala matayala opyapyala, a mtundu umene ankaikanso pa Prius ina, kuti dalaivala azimva pamene kumbuyo kwayamba kuterera liwiro lisanafike poopsa. Galimoto imeneyi imaphunzitsa. Chiwongolero chimakuuzani zimene matayala akuchita, ndipo mukalakwitsa imakupatsani mpata wokonza. Zinzake zamphamvu zija zimabisa kulakwitsa kwanu mpaka pamene sikungakonzekenso. Petulo imamwa mwachifundo, matayala ake ndi a saizi yopezeka. Nayonso ili ndi zake: mapulagi ndi ovuta kuwafikira, ndipo zoyambirira zinaitanidwanso ndi kampani chifukwa cha masipuling'i a mavalavu, ndiye funsani ngati ntchitoyo inachitidwa. Ngati mundifunsa chigamulo, ndi ichi: 86 patsogolo, 350Z pambuyo pake, 335i kwa wa thumba lozama, RX-8 ayi.

Komabe palibe ngakhale imodzi mwa izi imene inapangidwira msewu wolowera kwanu. Pansi pa 86 pali mpata wa masentimita 13 okha. Ganizirani mahampu a mu Matero, maenje a m'misewu ya fumbi ya muno m'komboni, ndi madzi amene amadzaza dzinja likafika pachimake, ngati mmene timaonera ku Kanyama chaka ndi chaka. Galimoto yotsika imakokera mpweya pafupi ndi pansi. Ikamwa madzi injini ikulira, zitsulo za m'kati zimapindika nthawi yomweyo, chifukwa madzi sapanikizika. Ndaona injini zabwino zikufa choncho pa chithaphwi chimodzi. Ndiye ena mwa inu mumadulanso masipuling'i kuti galimoto itsike zedi. Musatero, ana anga. Sipuling'i yodulidwa imasokoneza mashoku, tayala limadumphadumpha m'malo mogwira pansi, ndipo mabuleki sagwira pa tayala limene lili m'mwamba.

Za matayala ndikupemphani mumvetsetse. Galimoto yonse, ndi mphamvu zake zonse, imakhudza msewu pa malo anayi aang'ono basi. Ndimamva chisoni ndikaona mnyamata wawononga ndalama pa ekizozi yaphokoso ndi marimu onyezimira, koma matayala wagula a salaula. Pambali pa tayala lililonse pali manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa. Muziwerenga. Magalimoto ena amabwera kuchokera ku Japan atavala matayala a nyengo ya chipale, ofewa, amene pa phula lotentha la October amachedwa kuimitsa galimoto. Achotseni musanayese liwiro lililonse. Ndalama yoyamba ipite ku matayala, yachiwiri ku mabuleki ndi mafuta ake, yachitatu ku oyilo wabwino. Phokoso lidikire.

Pali masamu amodzi amene ndikufuna muwasunge pamtima kuposa horsepower. Pa liwiro la makilomita 120 pa ola, galimoto imadutsa mamita 33 pa sekondi imodzi. Mwana akatulukira kuseri kwa minibasi yoima, phazi lanu lisanafike n'komwe pa buleki mwayenda kale mtunda umenewo. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Lamulo limeneli silisankha dzina la galimoto. Magalimoto anayi onsewa amakankha ndi mawilo akumbuyo. Mvula yoyamba ikagwa pa phula lodzaza fumbi ndi oyilo, kuponda mafuta mwamphamvu pokhota kumatembenuza galimoto m'kuphethira kwa diso. Batani lozimitsira traction control musalikhudze pa msewu wa anthu. Lumumba Road ndi Great North Road ndi misewu ya amayi opita ku msika, ana a sukulu, a njinga ndi okankha mawilibala. Ife a kuno manda a Chunga ndi a Chingwere tili nawo pafupi, ndipo taperekeza kumeneko anyamata amene akanayenera kutiperekeza ife. Mowa ndi chiwongolero musazisakanize, ngakhale botolo limodzi. Lamba mangani, ndipo amene wakwera nanu amangenso.

Liwiro lili ndi kwawo, ndipo ife a Zambia tilibe chifukwa chochitira manyazi pa nkhaniyi. Satwant Singh anakhala katswiri wa African Rally Championship maulendo 8. Muna Singh anapambana mu 2004 ndi 2005, Mohamed Essa mu 2012, Jassy Singh mu 2013, ndipo Leroy Gomes, mkazi wake Urshlla akumuwerengera njira, anatenga chikho mu 2022. Anthu amenewa amathamanga pa msewu wotsekedwa, atavala helimeti, m'galimoto yomangidwa zitsulo zoteteza m'kati, ambulansi ili pafupi. Pitani ku Zambia International Rally mukaone ndi maso. Musathere pa kuonera magalimoto akudutsa. Kaimeni pamene amakanika amagwirira ntchito, muone mmene amasinthira giyabokosi nthawi ikuwathamangitsa. Funsani a Zambia Motor Sport Association mmene munthu angathandizire pa mpikisano. Ngati mtima wanu uli pa kuzungulitsa galimoto, chitirani pa bwalo lokonzedwa ndi lololedwa, oonerera ali kuseri kwa mpanda, osati pa mphambano kapena pa maliro.

Kunena za ndalama, mtengo umene mumauona pa foni ndi chiyambi chabe. Pali sitima, pali woitenga ku doko, pali msonkho wa ZRA umene umayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, pali inshuwalansi, pali road tax ndi fitness ku RTSA. Mtengo wa petulo a ERB amauunikanso nthawi ndi nthawi, ndipo wa injini ya malita 3.5 amaumva kuwawa kuposa wina aliyense. Galimoto ya zitseko ziwiri siingagwire ntchito ya takisi kuti idzibwezere ndalama. Amayi anu akadwala usiku, kuwalowetsa m'mpando wotsika chonchija ndi ntchito, ndipo mu 350Z wowaperekeza alibe pokhala. N'chifukwa chake ndimati imeneyi ikhale galimoto yobwera pambuyo pa puloti ndi fizi ya ana. Ya kaloba musagulire galimoto yosangalalira, chifukwa chiwongola dzanja chimathamanga ngakhale galimoto itaima pa mabuloko kudikira sipeya.

Chimene ndikulakalaka kwambiri ndi chakuti chikondi chanuchi chisanduke luso. Magalimoto a masiku ano akufuna munthu wodziwa waya ndi kompyuta yoyezera, ndipo otere ndi osowa. Lusaka Trades ilipo, masukulu ena ovomerezeka ndi TEVETA alipo, magalaja ofuna anyamata okhulupirika aliponso. Wodziwa kukonza 335i amadya bwino kuposa mwini wake, ndipo tsiku lina akagula yakeyake saopa kulira kwachilendo kulikonse. Tengani laisensi yeniyeni, yolembera mayeso, osati yogula. Yambani ndi galimoto ya mphamvu yochepa, ya giya yamanja, muphunzire kalachi, kukhota ndi kuima.

Amene wasonkhanitsa kale ndalama ndipo mtima wake watsimikiza, asatumize kalikonse ku Japan asanabwere ndi auction sheet ya galimotoyo kuti tiiwerenge limodzi. Ngati ili kale muno mu Lusaka, bwerani nayo m'mawa injini isanatenthe, tiikweze pa jeke, tiione pansi, tiyeze compression, kenako mukambe za mtengo.