Kodi Kanyama Kocotsedwa M'thupi Nkayani?

M'caka ca 2009, ku Utrecht m'dziko la Netherlands, Toshiro Sato ndi Hans Clevers anatenga maselo a m'matumbo a mbewa, nawaika m'mbale ya mankhwala onga phala, ndipo anamera timatumbo tosaposa njere ya mapira. Pofika 2011 anatero ndi maselo a munthu. Lero madokotala ameretsa timatumbo totere pophunzira nthenda yotupitsa matumbo, imene mtundu wace umodzi Burrill Crohn anaulongosola mu 1932: munthu atsegula m'mimba, naonda, nabvutika zaka zambiri. Mankhwala angayambe kuyesedwa m'mbale wodwala asanawamwe, ndipo ici palibe wanzeru angacitsutse.

Koma pali funso. Kuno ku Lusaka, pa cipatala ca UTH, Paul Kelly ndi anzace apima kwa zaka zambiri tizidutswa ta matumbo a anthu a ku Misisi, pofufuza cimene cifooketsa matumbo a anthu okhala kopanda madzi abwino. Kale kacidutswa kotere kakapimidwa, nkhani yace inkathera pomwepo. Tsopano nzeru ilipo yokasunga kamoyo, kukacurukitsa, ngakhale kukaolotsa nyanja mwini wace ali m'manda. Nanga nkayani?

Ena ati, wometa tsitsi salilondola. Komatu makolo athu ankabisa tsitsi ndi zikhadabo, pokhulupirira kuti cocokera m'thupi sicileka kukhala ca mwini. Ku Baltimore mu 1951 anatenga maselo a Henrietta Lacks osampempha. Maselowo anagulitsidwa m'maiko ambiri, ana ace osadziwa kanthu zaka zoposa 20. Ndipo ife amene tiseka agogo athu cifukwa coopa banyama, aja ankati amacotsa anthu magazi, tiiwala kuti m'masiku amenewo wodwala kawirikawiri sankauzidwa kumene magazi ace apita.

Lamulo la Zambia la 2013 la kafukufuku wa zaumoyo lifuna cilolezo ca mwini, ndiponso ca boma kanyamako kasanaturuke m'dziko. Ine nditi kudinda cala papepala sikukwanira. Mai wa ku Misisi auzidwe m'Cinyanja comveka kuti kanyama kace kadzakhala ndi moyo, kuti ali nayo mphamvu yokana, ndi kuti mankhwala akapezeka mwina mtengo wace adzauthe ndi a ku Kabulonga okha. Akabvomera atamva zonsezi, wabvomeradi. Ena mwa inu amene mwatsiriza sukulu mudzakhala anamwino, ndipo pepala la Cingerezilo adzakupatsani inu kuti mumasulire, mai uja atakhala pabenci ndi mwana kumbuyo.