Kodi Nsomba ndi ya Yani?

Nsomba ikakhala m'madzi ilibe mwini. Palibe amene anabzala usipa m'nyanja ya Niassa. Palibe amene amadyetsa kampango monga timadyetsera nkhuku. Koma nsomba ikafika pa gombe imasanduka ndalama, ndipo mkangano umayambira pamenepo. Kodi ndalamayo ndi ya yani?

Tiyeni tiyambe tawerenga manja amene amagwira nchito kuti nsomba ifike m'mbale.

Woyamba ndi mmisiri. Iye amagwetsa mtengo nasema bwato, kapena amakhoma boti la matabwa namata ming'alu yake. Waciwiri ndi wosoka khoka, amene amakhala pa mcenga usana wonse kulumikiza pamene pang'ambika.

Kenaka pali olowa m'nyanja. Usipa amaupha usiku wopanda mwezi, ndi khoka la cilimira. Pa khoka limodzi pamakhala anthu pafupifupi 10. Mmodzi wa iwo, siginala, amakhala m'bwato lake ndi nyali, pakuti usipa umatsata kuwala. Akaona kuti nsomba zasonkhana amapereka cizindikiro, ndipo alovi amaponya khoka nalikoka ndi manja. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imabwera mwaukali, ndipo ena sabwerera kwawo.

Kukaca, nchito imalowa m'manja mwa amayi. Iwo amagula usipa pa ndowa. Wina amauyanika pa thandala, wina amayamba waufutsa m'madzi otentha. Nsomba zikuluzikulu amaziwamba pa moto, ndipo nkhuni amasenza okha. Mvula ikagwa masiku awiri osaleka, usipa umawola, ndalama ya mayiyo nkupita. Pambuyo pake wamalonda amanyamula matumba kucokera ku Metangula kapena ku Meluluca, kukwera mapiri kufikira ku Lichinga. Kumeneko wina amaika nsomba m'milu pa msika.

Tsono timve mau a mwini khoka. Iye amati: "Khoka ndi langa, boti ndi langa, injini ndi yanga. Ndinasunga ndalama zaka zambiri kuti ndigule zimenezi. Khoka likatayika, wolira ndine." Mau amenewa sali abodza. Popanda khoka, alovi akanakhala pa gombe manja lende. Nkoyenera kuti iye abweze zimene anaononga ndi kupezapo phindu.

Koma taonani kagawidwe kake. M'magombe ambiri amayamba acotsa ndalama ya mafuta. Yotsalayo amaigawa pakati: theka kwa mwini khoka, theka kwa alovi onse. Munthu mmodzi theka, anthu 10 theka. Khoka likang'ambika, mwini amataya ndalama. Boti likagubuduzika, mlovi amataya moyo. Khoka lina ligulika, koma ana a mlovi sadzagula atate ena.

Cotero tinene kuti nsomba si ya mwini khoka yekha, pakuti khoka lopanda manja ndi ulusi cabe. Si ya mlovi yekha, pakuti nsomba yosayanika imanunkha dzuwa lisanalowe. Nsomba ndi ya onse amene aigwirira nchito. Gawo la munthu aliyense liyesedwe ndi zinthu zitatu: cuma cimene waikapo, thukuta limene wakhetsa, ndi ngozi imene walowamo. Ndipo kugawa kucitike poyera, onse akuona.

Apa ndi pamene kuphunzira kumalowa. Mwini khoka ali ndi buku. M'bukumo amalemba mafuta, ndowa za nsomba ndi ngongole za alovi. Munthu wosadziwa kuwerenga amangovomera zimene wauzidwa. Akauzidwa kuti mafuta adya ndalama yonse, alibe poyankhira. Koma mlovi wodziwa kulemba amawerenga ndowa, nalemba mtengo wa ndowa imodzi m'metikali, nadziwa gawo lake asanalandire. Mayi wodziwa masamu amaphatikiza mtengo wa nsomba, wa nkhuni ndi wa galimoto, ndipo wamalonda sangamunyenge. Mwini khoka woona mtima saopa kuti alovi ake aone buku.

Pali eni nsomba ena amene salankhula pa gombe: ana athu, ndi ana awo. Munthu akakoka nsomba ndi neti ya udzudzu amapha ndi tiana tomwe tisanaswe. Iye amaba gawo la ana amenewa. M'caka ca 2011 boma la Moçambique linaika mbali yathu ya nyanja pa citetezo, ndipo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja muli makomiti a asodzi oyang'anira kaphedwe ka nsomba. Koma komiti siingakhale m'bwato lililonse usiku. Msodzi mwini ndiye ayenera kukana.

Anzathu, tisanyoze nchito iliyonse ya pa gombe. Tiphunzire kuwerenga ndi kulemba, tigawane poyera, ndipo tisiyeko nsomba m'madzi.

Mafunso okambirana:

1. Kodi kwanu ndalama ya nsomba imagawidwa bwanji?
2. Ndani amasunga buku, ndipo ndani amaliona?
3. Kodi mlovi akamira, banja lake limalandira ciyani?