Kodi wobwerera ku Shire ndi mwendo woikirira akuyesa Mulungu?

Munthu akadulidwa mwendo ku Machinga kapena ku Balaka, mawu oyamba omulandira kumudzi amakhala achikondi. Abale amadzaza pakhonde, wina wanyamula ufa, wina nkhuku, ndipo onse amanena chimodzimodzi: "Achimwene, ingothokozani kuti muli moyo. Zakunyanja ziiwaleni, khalani pansi, ife tilipo." Pakapita miyezi, mwiniwakeyo akapeza mwendo woikirira n'kuyamba kulankhula zokweranso bwato, zokasamba kudooko kapena zokamenya nawo mpira pabwalo la sukulu, mawu aja amasintha. Tsopano akuti akuyesa Mulungu, akuti chenjezo loyamba sanalimve, akuti sanavomereze zimene zinamugwera. Mlandu umenewu ndi wolemera, chifukwa m'maboma awiriwa, momwe mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana pamsewu umodzi, palibe amene amafuna kutchedwa wolimbana ndi chikonzero cha Mulungu. Ine ndikuona kuti mlanduwo ulibe maziko, ndipo Chisilamu ndi Chikhristu zomwe, zikamvetsedwa bwino, zili kumbali ya munthu wofuna kubwerera m'madziyo.

Madzi kuno si malo opitako kokacheza ayi. Mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja ya Malombe n'kudutsa pa Liwonde, pomwe pali Kamuzu Barrage ya mu 1965, ndipo kum'mawa kuli nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Asodzi a ku Chilwa amatha masabata ali pa zimbowera, tinyumba toyandama panyanja, akuwedza matemba, makumba ndi milamba, ndipo alimi a mpunga kusikimu ya Domasi amaokera mbande miyendo ili m'matope. Kuuza munthu wa kumeneku kuti aiwale madzi ndi kumuuza kuti aiwale ntchito yake, anzake ndi dzina limene amadziwika nalo. Nanga miyendoyo imatayika bwanji? Ng'ona ya mu Shire, njinga yamoto ya kabaza pamsewu wa Liwonde ndi Balaka, matenda a shuga, chilonda chimene chinachedwa kufika kuchipatala. Zonsezi zili ndi zifukwa zodziwika, ndipo palibe chimodzi mwa izo chimene chimabwera ndi kalata yonena kuti munthuyu asadzayandikirenso madzi. Mu chaputala 9 cha Yohane, ophunzira atafuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu abadwe wosaona, Yesu anakana kuti ulumaliwo unali chilango cha iye kapena cha makolo ake. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Ndani angalimbe mtima kunena kuti khamu lonselo ndi la anthu ochenjezedwa?

Kuvomereza chikonzero cha Mulungu kumakhudza zimene zachitika kale. Mwendo wapita, sudzameranso, ndipo wokhulupirira amalandira zimenezo popanda kutukwana Mlengi kapena kusaka mfiti pakati pa abale ake. Koma funso la zochita ndi thupi lotsalalo likadali m'manja mwa munthu, ndipo apa mbiri ya Chisilamu ili ndi nkhani imene mashehe a ku Ntaja ndi ku Ulongwe amaidziwa bwino. Amr ibn al-Jamuh, mmodzi mwa otsatira a Mtumiki Muhammad ku Madina, anali wotsimphina kwambiri. Pa nkhondo ya Uhud mu 625, ana ake anafuna kumuletsa kupita, ponena kuti Mulungu anamupeputsira kale udindowo. Nkhani itafika kwa Mtumiki, iye anamuuza Amr kuti zoonadi sakukakamizidwa, koma anauzanso anawo kuti asamutsekereze. Nkhondo si mpira, ndipo sindikuyerekeza ziwirizi. Chimene ndikutengapo ndi mfundo ya chigamulocho: chipembedzo chikamupeputsira munthu wolumala, ufulu wosankha umakhala wake, ndipo achibale sangatenge chifundo cha Mulungu n'kuchisandutsa chingwe chomumangira pakhonde. N'chimodzimodzinso pa wudhu, kudzitsuka kwa Msilamu asanaswali: akatswiri a malamulo a Chisilamu amagwirizana kuti chiwalo chimene chinadulidwa chonse sichifunikanso kutsukidwa, munthu amatsuka chotsalacho n'kuswali pamodzi ndi anzake. Lamulo limapindika kuti munthu akhalebe pamzere. Ngakhale chiwalo chochita kupanga chili ndi umboni wake. Arfaja ibn As'ad anadulidwa mphuno kunkhondo, anaika ya siliva, itayamba kununkha Mtumiki anamulangiza kuti aike ya golide, chitsulo chimene amuna amaletsedwa kuvala.

Kumbali ya Baibulo, Yakobo anavulala chiuno pa dooko la mtsinje wa Yaboki, analandira dalitso usiku womwewo, ndipo kutacha anapitiriza ulendo wake akutsimphina kukakumana ndi Esau. Zipembedzo zonse ziwiri zimaphunzitsa kuti thupi ndi chinthu chosungitsidwa chimene munthu adzayankhapo, ndipo achipatala amatiuza chimene kukhala pansi kumachita ndi chosungitsidwacho. Bondo likamangokhala lopinda pampando limauma, moti mwendo woikirira sungakwanenso bwino. Minofu ya ntchafu ndi m'chiuno imafota. Thupi likanenepa, soketi imene mbali yotsala ya mwendo imalowamo imayamba kuthina ndi kutupitsa matuza. Kwa wodwala shuga zinthu zimaipiratu, chifukwa kusayenda kumakweza shuga m'magazi ndi kuika pachiswe mwendo wotsalawo. Kuyenda ndi mwendo woikirira kumadya mphamvu zambiri kuposa kuyenda ndi miyendo iwiri, makamaka kwa amene anadulidwa pamwamba pa bondo, choncho mtima ndi mapapo zimafunika kukhala zolimba kuposa kale. Madzi amathandiza kwambiri apa, chifukwa amanyamula thupi, ndipo munthu amatha kulimbitsa ziwalo zonse popanda kupondetsa chilonda. Wouza mbale wake kuti akhale pansi amaganiza kuti akuteteza mphatso ya Mulungu, koma zotsatira zake n'zakuti mphatsoyo imawonongeka msanga.

Tsono pali mawu akuti kubwerera m'madzi n'kuyesa Mulungu. Mantha amene ali kuseri kwa mawuwa ndi enieni ndipo sindikuwapeputsa. Ng'ona za mu Shire zilipobe, mphepo ya pa Chilwa imagubuduza mabwato, ndipo munthu wa mwendo umodzi akagwera m'madzi amavutika kukweranso. Koma kuyesa Mulungu kuli ndi tanthauzo lake. Mu chaputala 4 cha Mateyu, chimene Yesu anakana chinali kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi popanda chifukwa, n'cholinga chokakamiza Mulungu kuchita chozizwitsa. Msodzi wofuna kudyetsa ana ake, kapena mtsikana wofuna kusambira ndi anzake, sakukakamiza Mulungu chilichonse. Chimene amafunika ndi nzeru, ndipo nzeruyo ndi yomweyo imene wa miyendo iwiri amafunika. Posamba apewe madooko odziwika ndi ng'ona, makamaka m'bandakucha ndi chisisira. Pa bwato asakhale yekha, avale jekete yoyandamitsa, ndipo adziwiretu ngati mwendo wake umayandama kapena umalemera ukalowa madzi, chifukwa zonse ziwiri zimasokoneza posambira. Akakhala ndi bala pakhungu asalowe m'madzi mpaka litapola. Likodzo la m'madzi odikha limagwira aliyense, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala. Ngati dooko lili loopsa, litsekedwe kwa mudzi wonse. Koma pamene anyamata ena akuloledwa kupalasa bwato pamalo omwewo, n'kuletsa mmodzi yekha, ndiye kuti vuto talisiya kwa ng'ona n'kuliika pa munthu.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse si cha zaumulungu, ndi cha m'thumba, ndipo chiyenera kuyankhidwa moona mtima. Mwendo woikirira supezeka pagolosale. Malo odziwika opangira miyendoyi ali ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Mzuzu Central. Awiri omalizawa anakhazikitsidwa ndi thandizo la bungwe la 500 miles la Olivia Giles, loya wa ku Scotland amene iye mwini anadulidwa manja ndi mapazi mu 2002. Kuchokera pa Liwonde kukafika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 100, ndipo wa ku Nayuchi amayamba wavutika kuti angofika pa Liwondepo. Ulendo sukhala umodzi: kukayezetsa, kukayesa, kukakonzetsa. Ndipo madzi ndi mdani wa mwendo wamba. Pulasitiki yake siwola, koma mabawuti amachita dzimbiri, mchenga ukalowa mu soketi umapala khungu ngati sandipepa, sokosi yonyowa imafewetsa khungu mpaka kung'ambika, ndipo madzi amchere a ku Chilwa amafulumizitsa zonsezi. Bambo amene wagulitsa mbuzi kuti mwana wake akalandire mwendo ali ndi chifukwa chomveka chokwiyira akaona mwendowo ukuthamangitsidwa pabwalo la mpira. Koma taonani kuti masewera ambiri amene tikunenawa sasowa mwendowo n'komwe. Pa mipikisano yosambira ya anthu aulumali, malamulo salola kuvala chiwalo choikirira: wosambira amauvula n'kuusiya m'mbali. Mpira wa anthu odulidwa miyendo umaseweredwa ndi anthu 7 mbali iliyonse, osewera m'bwalo amathamanga ndi ndodo ziwiri popanda mwendo woikirira, ndipo wapagolo amakhala wa dzanja limodzi. Dziko la Angola linatenga chikho cha dziko lonse cha mpira umenewu mu 2018. Wopalasa bwato amagwira ntchito ndi manja ndi msana, mwendo akhoza kuukulunga mu pulasitiki n'kuumangirira pouma. Ukanyowa, autsuke ndi madzi a pamjigo, auumitse pamthunzi, asinthe sokosi. Komanso miyendo yopirira madzi ilipo. Phazi la Jaipur, lopangidwa ndi labala ku India kuyambira mu 1968, analikonzera alimi oyenda opanda nsapato, onjuta ndi olowa m'minda ya mpunga, anthu ofanana kwambiri ndi a ku Domasi. Kusowa kwa zinthu zotere kuno ndi nkhani ya ndalama ndi ndondomeko za boma, ndipo si bwino kuiveka mkanjo wa chifuniro cha Mulungu.

Wina angavomere zonsezi pa usodzi, popeza ndi ntchito, koma n'kukana pa masewera: mpira ndi kusambira kongosangalala n'za ana, munthu wovulala asataye nazo nthawi. Maganizo amenewa ndi omwe dokotala Ludwig Guttmann analimbana nawo pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England, pomwe mu 1948 anayambitsa mpikisano wa asilikali ovulala msana, umene unadzabala masewera a Paralympics ku Rome mu 1960. Iye anaona kuti odwala amene apatsidwa chopikisanira amachira m'thupi ndi mumtima momwe. Kudulidwa chiwalo kumabweretsa chisoni chonga cha maliro, ndipo munthu wotsekeredwa pakhomo amayamba kudziona ngati katundu wa abale ake. Pabwalo la mpira amakalipiridwa akaphonya, amatamandidwa akagoletsa, amawerengedwa ngati munthu. Ngati timakhulupirira kuti munthu analengedwa kuti akhale ndi moyo wathunthu, osati kungopuma ndi kudya, ndiye kuti chisangalalo cha thupi ndi gawo la zimene anapatsidwa, ndipo sichinadulidwe pamodzi ndi mwendo.

Achmat Hassiem wa ku South Africa analumidwa ndi shaki pa gombe la Muizenberg mu 2006 n'kutaya mwendo wakumanja, koma anabwerera m'madzi ndipo anapata mendulo pa Paralympics ya ku London mu 2012. Natalie du Toit, amene anadulidwa mwendo mu 2001 pangozi ya njinga yamoto, anasambira makilomita 10 pa Olympics ya ku Beijing mu 2008 pamodzi ndi a miyendo iwiri n'kukhala wa nambala 16. Mayina amenewa asasanduke chikwapu chokwapulira wa ku Phalula amene akuopabe madzi. Hassiem ndi du Toit anali ndi madamu osambiramo aukhondo, aphunzitsi ndi madokotala pafupi, ndipo amene wasankha kusabwerera kumtsinje sanachimwe. Awiriwa amangotsimikizira chinthu chimodzi, kuti thupi la mwendo umodzi limatha kusambira ndi kupikisana. Chimene chimaletsa ambiri kwathu kuno ndi maso a anthu. Kuvula mwendo padooko, ana ataunjikana, akuluakulu akunong'onezana, kumafuna mtima wolimba kuposa kuwoloka Shire, ndipo manyazi amenewo timawapanga ndi ife oonererafe.

Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo la anthu aulumali mu 2012, ndipo mu 2024 linabweretsa lina latsopano m'malo mwake. Koma lamulo silifika pakhonde pomwe chigamulo chenicheni chimaperekedwa. Amene amafikapo ndi shehe, m'busa, wansembe ndi nyakwawa, ndipo mawu awo ndi amene banja limamvera. Akuluakulu inu, mukapita kukazonda munthu wodulidwa mwendo, pemphero likatha mufunseni chimene akufuna kudzachitanso, ndipo muwauze abale ake kuti asamutsekereze. Mabwalo a mpira a sukulu za mishoni ndi a pafupi ndi mizikiti alipo kale, apatseni odulidwa miyendo tsiku lawo pasabata. Ndipo makhonsolo a Machinga ndi Balaka apemphe kuti akatswiri okonza miyendo azibwera pa zipatala za Liwonde ndi Balaka pa masiku odziwika, kuti bawuti imodzi ya dzimbiri isamakhazike munthu pansi chaka chathunthu.