Kwa mphwanga amene ng'oma zake zili m'kompyuta

Mphwanga, nyimbo ija unanditumizira pa WhatsApp ndaimvera kasanu. Poyamba ndinaimvera pafoni, ndipo ndinangomva maseche ndi kamawu ka mtsikana kobwerezabwereza. Kenako ndinatulutsa sipika yanga yakale ija n'kulumikiza. Ng'oma yapansi ija, imene inu mumaitcha log drum, itangolowa, makapu a m'kabati anayamba kunjenjemera, ndipo ine ndinaimirira osadziwa. Uli ndi khutu, mwana iwe. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti zotsatirazi usaziyese za nkhalamba yodana ndi gule wa ana.

Mayi ako, mlongo wanga, anandiimbira foni akudandaula kuti wayamba kuchezera m'makalabu a ku Lilongwe, ndipo akuti akuitana kuti ukaimbe kunyanja. Anati ndikuletse. Ndinawauza kuti sindikuletsa ayi. Kuchezera gule sikunayambe ndi inu. Ife tinkavina pamchezo mpaka tambala wachitatu, ndipo ine ndekha ndanyamula masipika ndi kulumikiza mawaya a mabandi zaka zoposa 30, m'maholo, m'mabala ndi m'mabwalo. Chimene ndingachite n'kukuuza zimene ndinaona ndili kuseri kwa masipikawo, kumene wovina sayang'anako.

Uyambe wadziwa kumene nyimbo zakozi zinachokera. House inabadwira ku Chicago, ndipo dzina lake linachokera ku kalabu yotchedwa Warehouse, kumene Frankie Knuckles anayamba kuimba mu 1977. Makina a ng'oma a Roland, TR-808 ya mu 1980 ndi TR-909 ya mu 1983, sanayende malonda chifukwa oimba otchuka ankati sakulira ngati ng'oma zenizeni. Anatsika mtengo, ndipo achinyamata akuda a ku Chicago ndi Detroit anawatola n'kupangira house ndi techno. Nyimbozo zitafika ku South Africa, anyamata a ku Soweto anazichepetsa liwiro n'kuikamo chiyankhulo cha m'misewu yawo, ikakhala kwaito. A ku Durban anapanga gqom. A m'makomboni a Pretoria ndi Johannesburg anabwera ndi amapiano. Makina onsewo anali obwera, koma aliyense anawayankhulitsa chakwawo.

Tsono nyimbo yakoyi ndamvamo Kabza De Small, ndamvamonso DJ Maphorisa, ndipo wawatsanzira bwino zedi. Koma kwanu sindinakumvemo. Munthu wa ku Pretoria akaimva adzati nayu mwana wathu wophunzira, ndipo adzabwerera kwa eni ake amene amaitha kuposa iwe. Kutsanzira ndi sukulu, tonse tinadzera momwemo, ndipo ngakhale Daniel ndi Donald Kachamba anatenga kwela wa kumwera komweko. Koma iwo anamukhazika pansi kwela uja mpaka anamveka wa kwawo kwa Singano. Esau Mwamwaya anakumana ndi anyamata opanga nyimbo za makina ku London, n'kuimba m'Chichewa pa chimbale cha Warm Heart of Africa mu 2009, ndipo anthu osamva liwu ndi limodzi lomwe la chiyankhulo chathu anavina. Sanachite manyazi ndi lilime lake.

Ng'oma tili nazo zambiri moti sitingazimalize. Kamvere manganje ku Mangochi, kamvere chisamba, mganda, beni ndi tchopa. Kakhale pafupi ndi woimba mbalule uone mmene amayankhirana ndi mapazi a wovina, mmene amachedwetsera dzanja pang'ono kuti thupi la munthu liyembekeze kenako n'kugwa pamodzi ndi ng'oma. Kachedwedwe kameneko kompyuta sikadziwa, chifukwa iyo imaika kugunda kulikonse pamzere wake ndendende. Iwe ndiwe woyenera kukaphunzitsa pulogalamu yako ya FL Studio. Uone mmene amawambira ng'oma pamoto kuti ikwere mawu, ndi mmene amamatira phula pakati pa chikopa kuti itsike. Ndi ntchito yomweyo imene umachita ukamapotokola timabatani, kungoti iwo anaiyamba kalekale. Koma upite mwaulemu. Ng'oma za gule wamkulu ndi za vimbuza zili ndi eni ake ndi nthawi yake, zina n'zamaliro, zina n'zochizira odwala. Usakajambule mobisa foni m'thumba n'kukaziika pansi pa mawu otukwana kukalabu. Upemphe kwa akuluakulu, akakana umvere, akalola uwalipire ndipo mayina awo alembedwe.

Ndikudziwa chimene chikukuthamangitsa. Nyimbo zatsopano zikutuluka tsiku ndi tsiku, imene inagwedeza tauni mwezi watha lero ana akuti ndi yakale, ndipo anzako akukuuza kuti ukapanda kutulutsa kanthu sabata ino uiwalika. Usamvere. DJ Black Coffee anavulala mkono wamanzere mu 1990 ali mnyamata, atagundidwa ndi galimoto pakati pa khamu lokondwerera kumasulidwa kwa Nelson Mandela. Chimbale chake choyamba chinatuluka mu 2005, ndipo Grammy anadzailandira mu 2022 ndi chimbale cha Subconsciously. Werenga wekha zaka zili pakatipo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyimbo ukaimaliza usiku, igone. Uimvere m'mawa pafoni, pawailesi ya m'minibasi, pasipika yaikulu. Ikakomabe patatha masiku 10, itulutse.

Tsopano za makutu, ndipo apa undimvetsere bwino chifukwa ndikunena za thupi langa. M'khutu langa lamanzere muli kulira kosalekeza, ngati nyenje ya m'chilimwe, usana ndi usiku. Kunayamba ngati kamluzu kobwera tikaweruka kudansi, m'mawa n'kutha. Ndinkati n'kutopa. Tsiku lina sikanathe, ndipo papita zaka zoposa 20. Adzukulu anga akamayankhula m'chipinda muli anthu ambiri, ndimangoyang'ana milomo yawo. M'kati mwa khutu muli tinthu tating'onoting'ono tonga ubweya timene timamva mawu, ndipo tikafa sitimeranso, palibe jakisoni kapena sing'anga wotidzutsa. Bungwe la WHO limati phokoso la madesibelo 80 munthu angalimve maola 40 pa sabata osavulala, koma likafika madesibelo 100 malire ake ndi mphindi 20 zokha pa sabata. M'makalabu ambiri phokoso limafika pamenepo, ndipo iwe umakhalamo usiku wathunthu, sipika ili pambali pa mutu, mahedifoni atakwezedwa kuti apose sipikayo. Gula zotsekera m'makutu, zilipo za oimba zimene zimachepetsa phokoso osawononga kukoma kwa nyimbo. Tsitsa sipika yako ya pafupi. Ukamaliza kuimba tuluka panja makutu apume. Mlimi amasamala khasu, iwe khasu lako ndi makutuwo. Anzako adzakuseka kuti ukuchita zachikalamba, asiye aseke. Ndipo usamakweze mawu mpaka magetsi ofiira kuyaka pamakina, pamenepo nyimbo sikoma, imangong'aluka. Akale anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo ine masipika opserera ndawakonza ambiri.

Za ndalama sinditalikitsa. Munthu akakuitana kuti ukaimbe, mugwirizane mtengo, mulembe, ndipo theka ulandiriretu usanakweze katundu m'galimoto. Ine ndinagwirapo ntchito masiku atatu pamalo ena kunyanja, mwini phwando anazemba m'bandakucha, ndipo tinabwerera pamatola titapinyolitsa sipika imodzi. Mawu akuti tikuthandiza kutchuka sagula ufa. Ukalembetse nyimbo zako ku bungwe la COSOMA. Mtsikana woimba m'nyimbo yako uja mukhale pansi lero, nyimbo isanapite patali, mulembe kuti gawo la aliyense ndi lotani. Jerusalema ya Master KG ndi Nomcebo Zikode inatuluka mu 2019 n'kuvinidwa dziko lonse lapansi, koma mu 2021 mayiyo ananena poyera kuti sanalandire ndalama zake, a kampani yojambula nyimboyo anayankha zawo, ndipo mkangano unakafika kukhoti. Ubale umatha msanga ndalama zikabwera pamene panalibe pepala.

Chimene chimawasowetsa tulo mayi ako ndi usikuwo, ndipo sakulakwa. Pa 26 June 2022, pamalo omwera mowa a Enyobeni ku East London, m'dziko la South Africa, ana 21 anafa usiku umodzi, wamng'ono kwambiri ali ndi zaka 13. Anali m'chinyumba chodzaza, nyimbo zikulira. Pa 24 July 2010, ku Duisburg m'dziko la Germany, pa chikondwerero cha Love Parade, anthu 21 anafa moponderezana ndipo oposa 500 anavulala, chifukwa njira yolowera inali yomweyonso yotulukira. Ku Germany kumene kuli apolisi ndi maambulansi ochuluka zinachitika, nanga kuno? Choncho ukafika pamalo, usanatsegule laputopu, yenda uone makomo. Ngati khomo lakumbuyo lili ndi loko, uuze mwini malo alitsegule, akakana usaimbe. Uone kumene aika jenereta, utsi wake usamalowe m'kati. Ukaona tiana ta sukulu tadzaza m'bala, uyankhule. Ndipo dziwa kuti pamalo onsewo munthu wamphamvu kuposa alonda a pachipata ndiwe, chifukwa batani lozimitsira nyimbo lili pansi pa chala chako. Ukaona kutsogolo anthu akupanikizana, wina wagwa, zimitsa, yatsitsa magetsi, uwauze abwerere m'mbuyo. Adzakukuwiza, koma adzapita kwawo ndi miyendo yawo.

DJ sagula mowa, umangobwera wokha patebulo, ndipo msampha wake ndi umenewo. Wovina amabwera kamodzi pa mwezi, iwe ukhala mmenemo Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu chaka chonse. Botolo limodzi lochotsera mantha limasanduka atatu, kenako wina amakupatsa kambulu koti usagone, kenako chamba choti ugone. Avicii, mnyamata wa ku Sweden amene anadzaza mabwalo aakulu padziko lonse, anasiya maulendo oimba mu 2016 thupi litakana, mowa utamudwalitsa, ndipo mu 2018 anadzipha ku Oman ali ndi zaka 28. Anali ndi zonse zimene iwe ukuzilakalaka lero. Pantchito imwa madzi. Mtima ukalemera, usaubise kuseri kwa mahedifoni, bwera udzandiuze, kapena uuze munthu amene umamukhulupirira, kapena upite kuchipatala.

Pali china chimene sindingachidumphe. M'zaka za m'ma 1990 ndinanyamula mabokosi a anzanga a m'mabandi, oimba gitala, oimba ng'oma, anyamata okongola amene atsikana ankawalirira. Edzi inatilowa ngati moto wa kutchire. Masiku ano mankhwala alipo ndipo anthu akukhala ndi moyo, koma kachilombo sikanasamuke. Kayezetse, dziteteze. Atsikana amene adzazungulira tebulo lako ndi ana a anthu, ali ndi amalume awo ngati ine. Mtsikana woledzera sangavomere kanthu, ndipo mwamuna womupezerapo mwayi ndi chigawenga ngakhale atavala bwino chotani. Ukaona wina akuthira kanthu m'chakumwa cha mnzake, kapena akukokera mtsikana wosadziwa kanthu kugalimoto, itana alonda pamaikolofoni pomwepo. Mlongo wako akadzabwera kudzakuonera, udzafuna kuti DJ wa tsikulo achite chimodzimodzi.

Kunyanjako pita, ndipo ukakondwe. Lake of Stars inayamba mu 2004 ku Chintheche ndipo inabweretsa oimba a kunja pamchenga wathu. Malemu Lucius Banda anatisiyira Sand Music Festival. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kuli Tumaini imene inayamba mu 2014 m'kati mwa msasa wa anthu othawa kwawo, ndipo kumeneko ndikufuna udzapiteko ngakhale osaimba, ukamve ng'oma za ku Congo ndi ku Burundi. Kuvina pamchenga mwezi ukuwala, anthu masauzande akugundira phazi pamodzi, ndi chinthu chokoma chimene sindingakunamize kuti n'chachabe. Koma nyanja ilibe chibale ndi woledzera. Usalowe m'madzi usiku utamwa, ndipo mnzako akafuna kulowa umugwire malaya. Amene anabwera nawe uwawerenge pobwerera. Ngozi zambiri ndinaziona Lamulungu m'mawa pamsewu wa ku Salima, dalaivala atachezera masiku awiri, maso ali psuu, akuti ndazolowera. Gona kaye pamthunzi, kapena kwera basi. Usaiwalenso neti ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, malungo a kunyanja sachedwa kugwetsa munthu. Ndipo anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanjayo, asodzi ndi amayi otsuka mbale m'mawa, ndiwo eni malo. Uwapatse moni, usawatayire mabotolo padooko.

Sukulu yako ya zamagetsi usaisiye. Ine inandidyetsa miyezi ya mvula pamene kunalibe madansi, ndipo DJ wodziwa kukonza chimene chapsa saimitsa phwando.

Loweruka la mawa ubwere kuno ndi laputopuyo ndi maikolofoni. Ndayankhula kale ndi mkulu wina wa kutsidya kwa dambo amene amasema ndi kuimba ng'oma, wavomera kuti umujambule, ndipo mtengo wake mukagwirizana nokha ine ndili pomwepo. Ubwere m'mawa, chifukwa akuti chikopa chimafuna kuwambidwa kaye. Podzera kumsika undigulireko fyuzi ziwiri za ampulifaya, ndipo usananyamuke uwaimbire mayi ako.